Kiyi Yomwe Anamutsitsira Dikeledi

Dokotala wa pakhosi anamuuza Dikeledi Rampou kuti atseke pakamwa milungu itatu. Osaimba, osalankhula, osanong'ona, ngakhale kuseka kumene ayi. Anamuonetsa pakanema m'kati mwa mmero wake, mofiira ngati chiwindi cha pabutchala, tizotupa tiwiri titayang'anizana.

"Mukachita makani, mayi, timeneti tiphulika," anatero dokotalayo. "Ndipo tikaphulika musabwere kudzandilirira, chifukwa mawu olirira simudzakhala nawo."

Dikeledi anatsegula pakamwa kuti amuyankhe. Dokotala anakweza chala. Basi, mayi wamkulu wa zaka makumi anayi ndi zisanu anatuluka ndi kabuku ndi cholembera ngati mwana woyamba sukulu.

Zaka zinayi Dikeledi anali MaRadebe m'sewero loimba la pakati pa Joni, kasanu ndi katatu pa mlungu. MaRadebe ndi mkazi amene mwamuna wake analowa mumgodi osatulukamonso, ndipo a kampani anangomupatsa chipewa ndi nsapato imodzi. Nyimbo zake m'seweromo ndi khumi ndi imodzi. Koma anthu ankagulira matikiti ya kumapeto, ya pageti la mgodi, imene imayamba pansi ngati kung'ung'udza, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka mawu kuonda ngati waya. Pamwamba pakepo woimba amayenera kuima osapuma mpaka ng'oma italira katatu. Imeneyo ndi nyimbo yodya mmero wa munthu.

N'chifukwa chake eni sewero analemba ntchito Luleka, mtsikana wa ku Mdantsane. Ntchito yake inali kukhala. Inde, kukhala basi. Kufika ola lathunthu sewero lisanayambe, kusaina dzina pakhomo, n'kukhala m'kachipinda kakuseri pafupi ndi makina ochapira, kudikira kuti mwina Dikeledi adwala, iye alowe m'malo mwake. Lamulo linali loti asachoke mpaka nyimbo ya pageti itatha. Ikatha, anyamule chikwama azipita. Miyezi khumi ndi inayi anakhala choncho, osapondapo pasiteji pamaso pa anthu. Ankangoyeserera Lachinayi masana m'holo mopanda munthu, ndi piyano yokha, mipando itaimira osewera anzake.

Dikeledi akamadutsa pa kachipindako ali thukuta kamukamu ankasuzumira.

"Zipita, mwana iwe. Lero sindinafe."

"Mugone bwino, Sisi," Luleka ankayankha choncho tsiku ndi tsiku, maso ali pansi.

Tsopano wodikira uja ndiye anali MaRadebe.

Kunyumba ku Diepkloof Dikeledi anapirira masiku asanu ndi anayi. Anadzifukiza nthunzi, anamwa jinja ndi uchi mpaka m'mimba kuotcha. Foni ankaigwira ngati mwana wodwala. Ankadikira kuti wina amulembere kuti zinthu zavuta, anthu akubweza matikiti, mtsikanayo watsamwa. Palibe analemba zimenezo. Ankangolemba kuti pumani bwino Sisi, musade nkhawa, kuno zonse zili bwino. Zili bwino! Munthu kudwala, anzake n'kumati zili bwino.

Loweruka anakwera takisi kupita ku sewero la masana.

M'chipinda chake chovalira anapeza zachilendo. Mpando wake wautsitsa. Pagalasi lake amatapo chithunzi cha kamwana kopanda mano akutsogolo. Pomwe pamakhala kapu yake panali botolo la mafuta odzola otchipa, ndi maluwa oyera m'chitini. Maluwa. Ndani amagulira maluwa munthu wa pabenchi?

Mme Pulane, mayi womuveka zovala chiyambire seweroli, anali kusita duku pakona.

"Ee! Afika abwana osalankhula," anatero Mme Pulane. "Mulungu amayankhadi mapemphero. Zaka zinayi ndakhala ndikupempha tsiku limodzi lokha loti khutu langa lipume, Iye wandipatsa milungu itatu."

Dikeledi analemba m'kabuku mwamphamvu mpaka pepala kuboola. Anamuonetsa: ZA NDANI IZI?

"Za MaRadebe. Chipinda chino ndi cha MaRadebe, si cha agogo ako. Khala apo, usandisokoneze."

Anakhala. Pamwamba pa chitseko pali sipika yomwe imabweretsa zonse za pasiteji m'zipinda zakuseri, kuti aliyense adziwe nthawi yake yolowa. Zaka zinayi Dikeledi anali asanamvepo sewero lake pa sipika imeneyo, poti mawu otulukamo anali ake. Anamva phokoso la anthu akukhala pansi. Kenako mawu aamuna analengeza kuti masana ano gawo la MaRadebe aliimba ndi Luleka Mbana. Holo yonse inabuula: "Aaaa!" Wina anatsonya mokweza.

Dikeledi anamwetulira koyamba chituluke kwa dokotala. Kubuula kumeneko kunamukomera kuposa uchi wonse anamwa uja.

Koma mtsikanayo sanatsamwe. Nyimbo yoyamba anaiimba mwamantha pang'ono, yachiwiri anakhazikika, yachitatu anthu anaseka pomwe Dikeledi sankawaseketsa. Dikeledi ankasaka cholakwa ngati munthu wosankha miyala mumpunga. Analemba kuti AKUPUMA POLAKWIKA. Mme Pulane sanayang'ane n'komwe. Pa nthawi yopumula Dikeledi anakabisala kuchimbudzi kuti asakumane naye.

Itafika nyimbo ya pageti, a bandi atangoyamba, tsitsi linamuthawa. Nyimbo inali yomweyo, koma sinali pamalo pake. Anaiyamba pamwamba, pa kiyi yokwera kuposa yomwe iye ankaimbira. Dikeledi sadziwa kuwerenga timadontho ta nyimbo, anakulira m'kwaya ya tchalitchi momwe zonse amazigwira ndi khutu, koma khutu limenelo silinama. Anaganiza kuti a bandi alakwitsa, ndipo mtima unadumpha ndi chimwemwe: akagwa nayo pamwamba paja, akagwa ndithu.

Luleka anakwera. Anakweranso. Anafika pamwamba paja n'kuimapo ngati waima pakhonde la kwawo. Ng'oma inalira kamodzi, kawiri, katatu, iye akadali pomwepo, mawu osagwedera. Ataisiya kunali zii, kenako sipika inachita kunjenjemera ndi m'manja ndi nthungululu. Mipando inkamveka kugubuduka, anthu akuimirira.

Dikeledi analemba: AMUKWEZERA KIYI CHIFUKWA CHIYANI?

Mme Pulane anawerenga, anaika simbi pansi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Sanamukwezere."

Dikeledi anagogoda pepalalo ndi chala.

"Ndati sanamukwezere, ndiwe wogontha tsopano? Nyimboyo inalembedwa pamenepo. Iwenso unkaiimba pamenepo chaka choyamba. Ndi iweyo anakutsitsira."

Dikeledi anapukusa mutu.

"Pukusa mpaka ugwe. Titabwerako ku holide ya Khirisimasi chaka chachiwiri, Bra Cedric wa bandi anatsitsa pang'ono. Chaka chatha anatsitsanso. Iwe n'kumayenda m'makonde muno kumauza anthu kuti jinja wa ku Limpopo wakutsegula pakhosi. Ife n'kumati inde Sisi, jinja ameneyo ndi wamphamvu."

Ife. Liwu limenelo ndi lomwe linamubaya. A bandi ankadziwa. Atsikana a kwaya ovina kumbuyo kwake ankadziwa. Wa magetsi ankadziwa. Ndipo kamtsikana kokhala pafupi ndi makina ochapira, kamene ankakauza kuti lero sindinafe, kankamva pa sipika usiku uliwonse mayi wamkulu akuimba nyimbo yodulidwa miyendo, n'kumayankha kuti mugone bwino, Sisi. Kunena zoona mmero wake unkadziwa kalekale. Mutu ndi womwe unkakana.

Anthu atatuluka anatsikira kudzenje la bandi, pansi pa siteji. Bra Cedric Fortuin, mkulu wa zoimba, anali yekha pa piyano akudya magwinya, mandasi a ku Joni, a m'pepala, mafuta ali chezichezi kuzala. Patsogolo pake panali mafayilo awiri a nyimbo, yofiira ya kiyi yeniyeni ndi yobiriwira ya kiyi yotsitsa ija. Pa yobiriwira panalembedwa chilembo chimodzi chachikulu: D.

Dikeledi anaitola n'kuiponya pansi. Mapepala anamwazika mpaka kung'oma.

"Aa, Pulane ndi pakamwa pake," anatero Bra Cedric, osadzidzimuka. "Khala pansi, mlongo wanga. Idya ligwinya."

Dikeledi anayamba kulemba, cholembera chinakana. Anachitaya.

"Unandipusitsa." Mawu anatuluka osasa ngati chitseko cha dzimbiri.

"Tseka pakamwa, dokotala anati chiyani?"

"Zaka zitatu, Cedric. Unandisandutsa choseketsa."

"Ndinakusandutsa munthu wokhala pantchito. Ukanaimba pa yofiira kasanu ndi katatu pa mlungu, bwenzi pano ukugulitsa tomato pa depoti ya matakisi ya Bara. Anthu aja sadziwa kiyi, Dikeledi. Amabwera kudzalira, ndipo iwe umawaliza. Ukufunanso chiyani?"

"Lero anaimirira."

"Kwa iwenso amaimirira."

"Osati chonchija."

Bra Cedric anapukuta zala pa thalauza. Sanatsutse. Akanatsutsa mwina zikanathera pomwepo, koma bambo ameneyu ananama zaka zitatu n'kusankha tsiku limenelo kunena zoona ndi chete wake.

"Ndikabwerera," anatero Dikeledi, "muimba yofiira."

"Sindiimba."

"Uimba."

"Mtsikana uja ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo wapumitsa mmero miyezi khumi ndi inayi. Iwe ukupikisana ndi munthu amene wangodzuka kumene. Mpatse zaka zinayi, nayenso ndidzamugulira fayilo yake. Mmero si chitsulo."

Pamasitepe panamveka mapazi. Anali Luleka, atafufuta kale zodzola kumaso, atanyamula maluwa aja. Ataona mapepala pansi anaima.

"Sisi Dikeledi, Mme Pulane wandiuza kuti mwabwera. Ndikanadziwa ndikanachotsa katundu wanga. Maluwawa tengani ndinu."

"Ndafa kuti undipatse maluwa?"

"Ayi, Sisi."

"Unkadziwa za fayiloyi?"

Luleka anayang'ana Bra Cedric, kenako anamuyang'ana Dikeledi m'maso, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"Ndinkadziwa. Lachinayi loyamba anandifunsa kuti ndikufuna iti. Ndinati yofiira."

"Kuti undionetse."

"Kuti andione, Sisi. Inu dzina lanu lili pachikwangwani panja, lalitali kuposa ine. Ine mayi anga amauza anthu ku Mdantsane kuti ndimaimba ku Joni, koma ndimakhala ndi makina ochapira. Ndakhala ndikuimba nanu chamumtima nyimbo zonse khumi ndi imodzi, tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa pomwe mumapuma, pomwe mumameza malovu. Milungu itatu yokhayi ndi yanga. Ikatha ndibwerera kukachipinda kanga, musade nkhawa."

Analankhula mwaulemu, manja ali pamodzi. Ulemu umenewo ndi umene unamupsetsa mtima Dikeledi koposa. Akanakhala wamwano akanamutukwana n'kupeza mpumulo.

Milungu itatu itakwana dokotala anasuzumiranso kukhosi. Anati tizotupa tachepa koma sitinathe. Aimbe kanayi kokha pa mlungu, mofewa, osakakamiza. Dikeledi anavomera ndi mutu ngati mwana wabwino. Atangotuluka anaimbira foni mwini sewero, n'kumuuza mawu ochepa: ikakhala yobiriwira, chotsani dzina langa panja lero lomwe. Mwini sewero sadziwa kusiyana kwa yofiira ndi yobiriwira, amadziwa dzina lomwe limadzaza mipando. Anamulamula Bra Cedric kuti mayi apatsidwe chomwe akufuna.

Dikeledi anabwerera Lachitatu, sewero la masana. M'holo munadzaza agogo a m'mabungwe a tchalitchi, obwera pa mabasi atavala mayunifolomu awo, ena atabisa nkhuku yokazinga m'zikwama. Mme Pulane anamumata kamaikolofoni pachipumi, pansi pa duku, n'kudutsitsa waya kumsana. Maikolofoni ya MaRadebe ndi imodzi, woivala ndiye mwini gawo tsiku limenelo.

"Ukadali ndi nthawi," anatero Mme Pulane akumanga lamba. "Nditsike ndikamuuze Cedric atsegule yobiriwira. Palibe gogo angadziwe."

"Manga lamba, Mme."

"Ndiwe chitsiru, ukudziwa?"

"Ali kuti uja?"

"Kumalo kwake. Ukufuna akhale kuti?"

Zinali bwino. Akhale pomwepo, pansi pa sipika, amve.

Gawo loyamba linayenda. Mawu anali opumula, onona, ndipo agogo ankayankhira ngati ali mu tchalitchi. Dikeledi ankasunga mphamvu, nyimbo iliyonse ankaidya pang'ono ngati ndiwo zoti zifike mawa. Maganizo ake sanali pa mwamuna wa MaRadebe wotsala mumgodi. Anali pa kachipinda ka pafupi ndi makina ochapira.

Magetsi anasanduka ofiira, geti la mgodi linatsika. Dikeledi anayenda yekha kupita kutsogolo atakumbatira chipewa chija. Anasuzumira kudzenje. Bra Cedric anamuyang'ana, anakweza fayilo yobiriwira pang'ono kuti aione, nsidze zili m'mwamba. Dikeledi anayang'ana kumbali. Bra Cedric anaiika pansi n'kukweza dzanja.

Poyambira pomwe anamva kuti nyimbo yamukulira, ngati masitepe omwe wina wawatalikitsa usiku. Anakwera ndime yoyamba. Yachiwiri khosi linayamba kukoka. Yachitatu anamva kutentha kumanzere, ngati wameza khala laling'ono. Apa munthu wanzeru akanatsikira m'munsi, a bandi akanamutsatira, agogo akanalira chimodzimodzi. Iye anakoka mpweya mpaka nthiti kuwawa, anaponda pansi, n'kuitulutsa.

Inatuluka. Inatuluka yonse, yaikulu, yakuthwa, yolemera kuposa ya mtsikana uja, muli zaka zonse za munthu amene waikapo maliro. Ng'oma inalira kamodzi. Kawiri. Pakati pa kachiwiri ndi kachitatu china chake chinaduka kukhosi, mwakachetechete, ngati ulusi wa batani. Anaigwirabe mpaka kachitatu.

Holo inaphulika. Agogo anaimirira ndi ndodo zawo, ena akukupiza maduku, wina akukuwa dzina la mwamuna wake. Dikeledi anaima pakati pa phokosolo, m'kamwa mukukoma ngati ndalama yachitsulo. Wamva, ankati mumtima. Wamva, kamwana iwe.

Koma sewero silithera pa nyimbo ija. Patsala mphindi makumi awiri, nyimbo ziwiri zazing'ono, ndi mawu oti MaRadebe amuuze kapitawo wa mgodi. M'manja mutatha, wosewera ukapitawo analowa n'kufunsa funso lake: "Mayi, mukufuna chiyani pano?"

Dikeledi anatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha.

Anayesanso. Mpweya, ndi kamluzu kakang'ono ngati ka ketulo. Kapitawo anabwereza funso, maso akuthamanga. Gogo wina kutsogolo anati, "Ayankheni, mwanawe!" Ena anaseka, akuyesa ndi sewero. Kenako chinsalu chinatsika, ndipo mawu aamuna aja anapempha anthu kuti akhale m'malo mwawo kwa mphindi zochepa.

Mme Pulane anamukokera kuseri kwa geti la mgodi, pomwepo pamdima, poti nthawi yopita kuchipinda panalibe. Anamuvula duku. Anamatula kamaikolofoni pachipumi mosanyengerera, pulasitala n'kuzula titsitsi. Dikeledi anakhosomolera m'dzanja, n'kulifumbata msanga kuti asaone magazi.

"Ndaona kale," anatero Mme Pulane. "Tembenuka ndimasule waya."

Luleka anafika akuthamanga. Dikeledi ankayembekeza kumuona ali ndi chikwama paphewa, wodzidzimuka, atagwidwa pakhomo akupita kwawo. Ayi. Anali atavala kale diresi lakuda la MaRadebe, kumaso atadzola kale, makwinya ojambula ali m'malo mwake. Chomwe chinkasowa ndi duku ndi maikolofoni basi.

Dikeledi anamugwira mkono mwamphamvu. Analoza khutu la Luleka, n'kuloza kusiteji. Analozanso khutu.

"Akufunsa ngati wamva," anatero Mme Pulane, pini ili kukamwa.

"Pepani, Sisi, sindinamve," anatero Luleka akupuma mofulumira. "Ndinali kumasitepe akuseri, kumene kulibe sipika, ndikutenthetsa mawu. Bra Cedric anandiuza m'mawa kuti gawo lachiwiri likangoyamba ndivaliretu, ndikhale wokonzeka." Anawerama kuti Mme Pulane amumate chipumi, maso ali kwa Dikeledi. "Mwaifika pamwamba paja?"

Dikeledi anagwedeza milomo. Panalibe chotuluka.

"Waifika," anatero Mme Pulane. "Imika mutu, mtsikana iwe, anthu akudikira."